Galimoto Yofera pa Mitsuko

Lachisanu m'mawa, tauni ya Kom el-Sant ikadali m'tulo, Shenouda, amene onse ankamutcha Osta, kutanthauza mmisiri, anali atatsegula kale kashopu kake ndipo ankakangana ndi batire ya mwini wake. Anali atakonza magetsi a galimoto kwa zaka makumi atatu, bambo wamfupi, wadazi, wokonda kutukwana mawaya ngati kuti ali ndi makutu. Anthu ankapirira pakamwa pakepo chifukwa galimoto imene wakonza iye sinkabweranso ndi matenda omwewo.

Pakhomo panaima Nagat, mkazi wa Dahi woyendetsa galimoto yahayala, maso ali psuu.

"Osta, amutsekera Dahi. Wagona kupolisi."

"Dahi? Wagunda bulu wa ndani?"

"Akuti waba golide wa mkwatibwi wa kwa a Haji Abdel-Rady."

Shenouda anaika sipanala pansi. "Dahi yemwe uja amathamangira pasenjala ndi kampango koiwala pampando?"

Nagat anafotokoza uku akupukuta m'maso. Dzulo masana Dahi anatenga a Haji kwa wosula golide, kumene anakatenga zibangili zinayi, mkanda ndi mphete za mtsikana amene mwana wawo ankafuna kukwatira. Pobwerera kumudzi galimoto inafa pafupi ndi minda ya nzimbe. Nthawi yopemphera itakwana, a Haji analowa mumzikiti waung'ono wa pomwepo, chikwama cha golidecho n'kuchisiya pampando wakumbuyo. Potuluka, chikwama palibe. Apolisi atafika, mmodzi anangopotoza kiyi kamodzi, injini n'kulira.

"Ndiye akuti anangonamizira kuti yafa. Mawa m'mawa akupita naye kukhoti. Akangolowa kumeneko, Osta, ana anga adzakula akutchedwa ana a wakuba."

"Yafa yokha, n'kudzukanso yokha?"

"Ndi mmene akunenera iyeyo, koma palibe akumukhulupirira."

Zimenezi zinamulasa Shenouda pamtima, pakuti magetsi a galimoto imeneyo anawakonza ndi manja ake mwezi wathawo. Ananyamula kachikwama ka zitsulo, natseka shopu, nakwera njinga yake yamoto.

* * *

Mkulu wa apolisi, Tharwat, anali mwana wa ku Cairo amene anamuponya kuno kumwera osafuna. Ankadana ndi kutentha, ntchentche ndi milandu yosatha msanga.

"Osta, nkhaniyi ndi yoonekeratu," anatero akudzikupiza ndi faelo. "M'galimoto munali anthu awiri. Wina anapita kukapemphera, wina anatsala. Galimoto ili bwinobwino, ndayiliza ndekha katatu."

"Mwayiliza ili yozizira, bwana."

"Ndiye ndiyiphikire tiyi?"

"Mundipatse mphindi khumi zokha ndiyione. Mukapeza kuti ndakutayitsani nthawi, faniyo ndikukonzerani ulere." Shenouda analoza fani yakufa imene inali lende kudenga.

Tharwat anayang'ana faniyo, nayang'ana dazi la Shenouda, kenako anadzuka.

Galimoto inali pabwalo kuseri, yoyera, yokalamba kuposa mwini wake, maliboni apinki akadali pazitseko. Shenouda anatsegula boneti. Sanakhudze kabuleta ngakhale mapulagi. Maso ake anapita pakhoma la kumanzere, pafupi ndi koyilo, pamene panali kabokosi kakuda kangati paketi ya fodya. Kameneka ndi kamene kamauza koyilo nthawi yoponya moto ku mapulagi. Kamatentha pogwira ntchito, n'chifukwa chake kumsana kwake amapakako phala loyera, kuti kutenthako kuzithawira m'chitsulo chimene akamangirirapo. Popanda phalalo kamalimbikira kanthawi, kenako kamakomoka, n'kudzatsitsimuka kakazizira.

Tsono Shenouda anali ndi chizolowezi chimene amakaniko anzake ankamuseka nacho. Sikuluwu iliyonse imene wamanga ankaidontheza utoto wofiira wopaka m'zikhadabo, umene ankaba pagalasi la mkazi wake. Akamuseka ankangoti asekeni, ntchito yanga ndimaisayina.

Pa masikuluwu awiri a kabokosiko utoto unali wosweka.

"Bwana, taonani apa. Wina wamasula."

Anamasula pang'onopang'ono n'kukatembenuza. Kumsana kwake kunali mbee, kopukutidwa bwinobwino, popanda ngakhale kadontho ka phala.

"Mwina unaiwala kupaka," anatero Tharwat.

"Ine? Ndikhoza kuiwala tsiku lobadwa la mkazi wanga, osati phala."

"Ndiye wapukuta Dahi yemweyo."

"Dahi sasiyanitsa koyilo ndi ketulo, bwana."

Akubwezera kabokosiko mmene anakapezera, anaona chinanso. Fumbi la pakhomapo linali ndi mikwasa yotsetsereka kuyambira pakabokosi mpaka pansi, monga zimakhalira madzi akayenda pafumbi n'kuuma. Mvula inali isanagwe ku Kom el-Sant kwa zaka zitatu.

* * *

Dahi anamupeza atakhala pansi m'chitokosi, mkanjo uli fumbi lokhalokha, ndevu zitamera usiku umodzi wokha.

"Osta, Mulungu ndi mboni yanga, chikwamacho sindinachikhudze. Ine mutu unali m'boneti. Ndinkagwedeza waya uyu, ndigwedeze uyo, ndimenye batire ndi mwala..."

"Unamenya batire yanga ndi mwala?"

"Pang'ono pokha, Osta."

"Tidzakambirana ukatuluka. Mawindo anali otsegula?"

"Kutentha konse kuja? Onse anayi. Ndipo paja nzimbe zimafika mpaka pamsewu penipeni."

"Unathira madzi pakabokosi kakuda kaja?"

Dahi anatulutsa maso. "Madzi pa mawaya? Si inu munati ndikadzatero mudzandidula manja?"

"Chabwino. Sabata ino wayendetsapo ndani kupatula iwe?"

"Palibe. Ine galimoto yanga sindibwereketsa, ngakhale kwa mlamu wanga." Kenako anakumbukira. "Kupatula Lachitatu. Khalaf, mwana wa mlongo wa a Haji, anaitenga kukaiveka maliboni. Mukudziwa inunso kuti galimoto yopereka golide kwa mkwatibwi siyenda yosavala, ndipo okongoletsa ndi akuchimuna."

"Anaitenga nthawi yanji?"

"Masana. Anabweza dzuwa litapendeka. Anati kwa wokongoletsa kunali mzere."

Shenouda anadzuka, mawondo akulira.

"Osta," anatero Dahi ndi mawu otsika, "ana akudziwa?"

"Msewu wonse ukudziwa, mbale wanga. Ndiye khala phee, ndikathamange."

* * *

Kwa a Haji Abdel-Rady kunali ngati pamaliro. Tenti yaukwati inali chiimire, mipando itasanjikizidwa pakona, ophika atakhala pamiphika yozizira. Bambo a mtsikana anali atatumiza mawu akuti popanda golide mwana wawo satuluka m'nyumba.

A Haji anali munthu wamkulu thupi, wa nduwira yoyera, wolankhula mawu amodziamodzi ngati akuwerenga chigamulo.

"Osta, ndimakulemekezani. Koma mwabwera kudzaimira munthu amene wandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ndinamusiyira chikwama. Ndinapita kukaima pamaso pa Mulungu. Ndinabwerako ndili wopanda kanthu."

"Ine sindiimira munthu, a Haji. Ndabwera kudzafunsa za galimoto."

Tiyi anabwera naye mnyamata wamtali wa zaka ngati makumi atatu, wometa bwino, womwetulira msanga. Ameneyo ndiye anali Khalaf.

"Shuga masupuni angati, Osta? Nyumba ndi yanu ino."

"Atatu. Ndamva kuti ndiwe unakaiveka galimoto Lachitatu. Unapita nayo kuti?"

"Kwa wokongoletsa basi, misewu iwiri kuchokera kwa Dahi. Ndinakhala pamzere mpaka msana kuwawa. Nyengo ino aliyense akukwatira."

"Sinakuvute panjira?"

"Ingavute bwanji pamisewu iwiri?" Khalaf anaseka. "Ine ndimamumvera chisoni Dahi. Umphawi ndi woipa, Osta."

"Nanga dzulo masana unali kuti?"

"Pompano, kuyala mipando. Funsani aliyense."

"Anali pano," a Haji anadula. "Anthu anali piringupiringu, koma ndinamusiya pano, ndipo ndinamupeza pano. Musamufunse ngati wakuba. Ikanakhala ndi vuto galimotoyo akanaliona, pakuti anagwira pagalaja ku Libya zaka zinayi."

"Ndinkangotsuka matayala, amalume," anatero Khalaf msangamsanga.

Shenouda anamwa tiyi wake mpaka pansi, nathokoza. Mumtima anali atamugwira kale munthu wake, koma mtima wa makaniko suwerengedwa kukhoti.

* * *

Pobwerera anaima pamene galimoto inafera. Kumanja kunali nzimbe zazitali kuposa munthu, kumanzere ngalande, kutsogolo kamzikiti kaja. Pansi pa mtengo wa mkuyu panali mitsuko itatu ikuluikulu pachoikapo chachitsulo, ndi kapu yomangidwa kutcheni, madzi a aliyense wodutsa ndi ludzu. Shenouda anatunga kapu imodzi.

"Umwe ndi pakamwa! Ukathira pachinjinga chakocho ndikuswa dazilo!"

Anatembenuka. Kuseri kwa mtengo kunatuluka mayi wachikulire wovala zakuda, wowonda ngati bango, chidebe chili m'manja. Ameneyo anali Make Sabir, amene mudzi wonse unkamudziwa ndi lilime lake.

"Mayi, ndani angathire madzi akumwa panjinga?"

"Alipo agalu otero! Mitsuko iyi ndinaika chifukwa cha malemu amuna anga, kuti aliyense wakumwa aziwapemphera chifundo kwa Mulungu. Ndimasenza ndekha madziwa, m'mawa ndi masana, ndi msana uno. Ndiye dzana chaima pano chigalimoto choyera chomwe chija cha dzulo. Watuluka munthu, wachiyasamitsa kukamwa, watunga makapu atatu, khuthu, khuthu, khuthu! Ndikuti, iwe, chitsulo chimapempherera akufa? Akuti khalani chete agogo. Agogo ake ndani?"

Shenouda anaika kapu pansi.

"Dzana, Lachitatu? Inali ndi maliboni?"

"Inalibe. Maliboni ndawaona dzulo."

"Anathira kutsogolo, mothira madzi onse muja?"

"Ayi, pambali, cha kumanzere. Ukuyesa ndilibe maso?"

"Apolisi munawauza?"

"Anandifunsa ndani? Anafika, analiza galimoto, ananyamula munthu wawo, fumbi koboo."

"Dzina lake mukulidziwa?"

"Anyamata a masiku ano amakulira kunja, ndingawadziwe bwanji? Koma nkhope ya munthu wondinyoza sindiiwala, ngakhale atakaibisa m'thumba la anyezi."

"Masana ano mubwera nthawi yanji kudzadzaza mitsuko?"

"Nthawi yanga yomweyo. Bwanji, ukufuna kundifunsira?"

* * *

Tharwat anavomera kukayesa galimotoyo pamsewu womwewo chifukwa cha mawu amodzi. Shenouda anamuuza kuti ayendetse yekha, ndipo galimoto ikapanda kufa pa mitsuko amutsekere iyeyo limodzi ndi Dahi.

Ananyamuka pakhomo la wosula golide nthawi yofanana ndi ya dzulo lake, dzuwa likuswa mtengo. Tharwat anali pachiwongolero, Shenouda pambali pake. Kumbuyo kunali a Haji, Dahi ali ndi unyolo m'manja, ndi Khalaf pakati pawo. Shenouda ndiye anapempha kuti Khalaf abwere, ati pafunika mnyamata wamphamvu wokankha.

Anadutsa msika, anawoloka mlatho, anadumpha kanjanji konyamulira nzimbe. Injini inkalira mosalala ngati yatsopano.

"Ikuyenda bwino kuposa yanga," anatero Tharwat.

"Yendetsani, bwana."

Nzimbe zinayamba. Mkuyu unaonekera patali, unayandikira, unafika, n'kutsala m'mbuyo. Thukuta linatsika padazi la Shenouda mpaka m'khosi. Dahi anatseka maso. Khalaf anapumira m'mwamba.

"Osta, m'chitokosi mwathu mulibe fani," anayamba Tharwat.

Asanamalize, injini inangoti zii, osatsokomola n'komwe. Galimoto inayenda yokha pang'ono n'kuima m'mbali mwa nzimbe, mapazi makumi asanu kupitirira mitsuko.

Tharwat anapotoza kiyi. Sitata inazungulira, injini osagwira. Anapotozanso kawiri, katatu.

"Tsikani nonse, mudzaone ndi maso anu," anatero Shenouda, mawu atabwerera m'malo mwake.

Anayamba ndi petulo, pakuti munthu wanzeru amayamba ndi chapafupi. Anakoka kawaya ka kabuleta, petulo anafwenthera m'kati, fungo n'kumveka. Kenako anazula waya wamkulu wa koyilo, naugwira pafupi ndi chitsulo, nauza Tharwat kuti apotoze. Panalibe moto ngakhale wa chiphaniphani. Anatulutsa kababu kake koyezera, nagunditsa mbali imene magetsi amalowera mukoyilo, ndipo kanayaka.

"Magetsi akufika. Batire ilibe mlandu, ngakhale anthu ena amaimenya ndi miyala. Tsopano mbali inayi. Kabokosi kakamagwira ntchito, babuli liyenera kuphethira. Potozani."

Babu silinaphethire.

"Bwana, tagwirani kabokosiko."

Tharwat anaikapo chala, nachichotsa msanga n'kuchiika m'kamwa. Anatukwana mawu a ku Cairo amene sitingawalembe pano.

"Chimenechi munthu sanganamizire," anatero Shenouda. "Dzulo mmene munkafika kanali katazizira kale. Tikhoza kudikira theka la ola ngati dzulo. Kapena Khalaf, ku Libya kuja sanakuphunzitse njira yachidule?"

"Ine za magetsi sindizidziwa, Osta."

"Ndiwe!"

Mawuwo anachokera ku mitsuko. Make Sabir ankabwera chothamanga, chidebe chikukhavukira, chala chili patsogolo ngati mkondo.

"Ndiwe, wamakapu atatu! Wabweranso ndi chigalimoto chako chaludzu?"

"Mayi awa sindiwadziwa," anatero Khalaf. "Ndi okalamba, asokonezeka."

"Wosokonezeka ndi amene anakulera! Dzana unaima apa, unathira apo!" Chala chinalunjika pakabokosi penipeni, pamene panali mikwasa ija.

A Haji anatembenuka pang'onopang'ono. "Khalaf. Unati misewu iwiri."

Shenouda sanadikire yankho. Anafotokoza momveka, kuti ngakhale anthu amene anayamba kusonkhana kuchokera kumzikiti amve. Lachitatu munthu wina anapukuta phala, nayendetsa galimoto kuchokera m'tauni kulowera kumudzi kuti aone pamene idzafere. Inafera pano. Kuti abwerere msanga kukaveka maliboni, anaziziritsa kabokosi ndi madzi. Dzulo anangodula m'nzimbe kuchokera kumudzi n'kudikira, podziwa kuti amalume ake nthawi yopemphera saiphonya.

"Munthu wosadziwa galimoto amathira madzi mu redieta," anamaliza. "Wothira apa ndi amene akudziwa chimene wachita."

Kenako anapita kwa Make Sabir, naweramitsa dazi lake.

"Mayi, ndikupempha kapu imodzi. Si ya chitsulo ayi. Ndi yomasula munthu uyu, ndipo iye adzawapempherera amuna anu mpaka kufa."

Make Sabir anayang'ana Dahi, anayang'ana unyolo, namwetulira koyamba tsiku limenelo. Anakatunga yekha.

Shenouda ananyowetsa kansanza, nakakulunga pakabokosi, otsalawo nathira pachitsulo chakuseri. Anawerenga chamumtima mpaka zana.

"Potozani, bwana."

Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Anthu anafuula, wina anaomba m'manja, ndipo Shenouda, amene sankaseka pantchito, anaseka mpaka mano onse panja.

Khalaf anayang'ana ku nzimbe, koma dzanja la Tharwat linali kale paphewa pake. Anangokhala pansi pafumbi.

"Ali kuti golide?" anafunsa a Haji.

"M'kanyumba ka mpope, kuseri kwa thanki." Khalaf anaweramitsa mutu. "Sindinafune kugulitsa, amalume. Mtsikana uja ndinayamba kumufunsira ndine, ndisanapite ku Libya. Anandikana, ndipo inu munakamutengera mwana wanu. Ndinkangofuna kuti ukwati ufe."

"Ndiye unasankha kuti afe munthu wosalakwa," anatero a Haji.

Tharwat anapita naye m'nzimbe, ndipo posakhalitsa anatuluka ndi chikwama. A Haji anachitsegula, naona kuti zonse zilimo, koma nkhope yawo sinasangalale. Tharwat anamasula unyolo m'manja mwa Dahi n'kuuveka Khalaf.

"Osta," anatero wapolisiyo, akuyang'anabe chala chake chopsa, "fani ija ukonzabe?"

"Mulipira, bwana. Nthawi sindinakutayitseni."

Pamenepo a Haji Abdel-Rady anachita chimene anthu a kumeneko sanawaonepo akuchita. Anapita kwa Dahi, pamaso pa khamu lonse, namugwira mutu ndi manja awiri, naupsompsona pamwamba.

"Ndakulakwira, mwana wanga. Ndinakutcha wakuba pagulu, ndipo ndikubweza mawu anga pagulu. Tiye kunyumba ukadye nafe, ukapereke golideyu pa galimoto yako."

Dahi analira ngati mwana, osabisa. Atapukuta misozi ndi mkono wa mkanjo anapukusa mutu.

"Ndibwera, a Haji, koma ndiyambe ndafika kwathu. Ndikufuna ndikalowe mumsewu wathu dzuwa likadalipo, aliyense akuona."

Shenouda anatulutsa kachubu ka phala loyera, napaka kumsana kwa kabokosi, namanga masikuluwu. A Haji anakana kutsala. Anakhala kutsogolo pambali pa Dahi, kuti tauni yonse iwaone ali limodzi.

Analowa mumsewu wa kwa Dahi hutala ikulira ngati paukwati. Anthu amene dzulo ankanong'onezana m'makonde anatuluka n'kumalimbirana kumugwira chanza pawindo. Nagat anaima pakhomo, dzanja lili pachifuwa. Ataona amene anali pachiwongolero analuluta nthungululu imene inamveka mpaka kumsika, kenako anatembenukira m'nyumba, kumene ana anali atadzitsekera chiyambire m'mawa.

"Tulukani!" anafuula. "Tulukani panja, anthu akuoneni. Bambo anu abwera!"